Za Kukhosi za a Layisoni Mbewe

Patangotha sabata titawaika m'manda alamu anga a Layisoni Mbewe, a kalabu ya mpikisano wa galimoto anatumiza uthenga woti Loweruka likubweralo, mpikisano usanayambe, bwalo lonse lidzaimirira n'kukhala chete kwa mphindi imodzi powakumbukira. Uthengawo anabwera nawo ndi mwana wawo Mavuto. Anandipeza ndikupukuta mbale za pamaliro zoti zibwerere kutchalitchi.

"Wati chete?" ndinamufunsa. "Munthu anamulipitsa faindi chifukwa cholankhula, anamuthamangitsa pabwalo chifukwa cholankhula, lero wafa akuti amupatse chete?"

"Mainini, musapse mtima," anatero Mavuto. Iyeyu anabadwira kuno ku Kwekwe, m'dziko la Zimbabwe, Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chishona, ndipo amanditchula choncho poti ndine mng'ono wa malemu mayi ake. "Vanhu vaya akufuna kuwalemekeza chete."

M'Chishona mawu akuti chete amatanthauza basi, koma m'khutu mwanga analowa m'Chichewa, ndipo mbale imene inali m'manja mwanga ndinaimenyetsa patebulo. Mtima wanga suchedwa, a ku Gaika kuno amadziwa. Koma tsiku limenelo ndinali ndi chifukwa.

A Layisoni anabadwira ku Maglas, m'nyumba za mgodi. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, osabwereranso. Iwo anakulira pa mapampu okoka madzi pansi pa mgodi, ndipo mapampuwo anawadya khutu limodzi, n'chifukwa chake kunong'ona sankakudziwa. Akamakuuzani chinsinsi pakhonde, a nyumba yachitatu ankayankhira. Kutchalitchi abusa anasiya kuwapatsa pemphero lotsekera, poti ankatchulamo mayina a anthu ofunika kulapa. Anakwatira mkulu wanga Esinati ine ndili kamtsikana, ndiye ndinali mlamu wawo, wokhala nawo khomo limodzi, wololedwa kuwanyoza, ndipo sindinawanyengererepo mpaka tsiku lomaliza.

Galimoto yawo ankaitcha Nachisale. Chinali chiphapha chimene anakachitola kuseri kwa galaja ina ku Munyati, n'kuchichotsa magalasi ndi mipando ya okwera, n'kuwotcherera mapaipi m'kati kuti chikagubuduzika munthu asaphwanyike. Mkulu wanga ankati ameneyo ndi mkazi mnzake, ndipo si masiku onse pamene ankanena moseka. Tsiku lina sefa yake ya ufa inasowa, tinakaipeza itadulidwa bwinobwino, ikusefa mpweya pa injini ya Nachisale.

Chimene ankachikonda m'galimoto yonseyo ndi kabureta. Amene simukumudziwa, ndikuuzani mmene iwo ankandiuzira ine, ndifune ndisafune. Kabureta ndi kukhosi kwa galimoto. Mpweya umalowa pamwamba, petulo amatulukira m'timabowo, zimasakanikirana pomwepo n'kutsikira mu injini. Ukachotsa sefa umasuzumiramo n'kuona zonse ndi maso. A Layisoni ankaika paipi ya labala pakhutu labwino lija, mbali inayo pakukhosi pa Nachisale, n'kumapotokola kasikuluwu pang'onopang'ono, nkhope itaumbika ngati akumvetsera nkhani za maliro pa wailesi. Kawiri konse moto unabuka kukhosiko n'kuwawaula nsidze. Sanasiye.

Pakati pa sabata kukhosiko ankakutseka ndi sokosi yakale ya kumgodi kuti fumbi ndi mavu zisalowe. Lamlungu pochokera kutchalitchi, taye ili m'khosi, ankatsegula boneti, kuzula sokosi ija, kukoka pang'ono choko, kawaya kothandiza injini yozizira kulira, kugunda chopondera moto mopepuka, kudikira ngati munthu amene wagogoda pakhomo pa apongozi, kenaka n'kuti, "Lankhulani, mayi." Nachisale ankalankhuladi, mpaka nkhuku za anthu zinkathawira kuchipanda. Wina aliyense akayesa kuiliza, galimotoyo inkatsamwa ndi petulo n'kungoti zii.

Bwalo la mpikisanolo analambula ndi anthu a m'migodi eni ake, kuseri kwa mulu wakale wa dothi la mgodi. A Layisoni anali m'gulu limene linkakoka chitsulo cha njanji kumbuyo kwa thalakitala posalaza msewu wozungulirawo. Galimoto zinkachokera ku Maglas, ku Munyati, ku Gweru, zina zikukokedwa ndi chingwe. Lamulo linali losavuta. Injini ikhale yakale, ya kabureta, ndipo amene wapambana atsegule boneti kuti aliyense asuzumire kukhosi n'kuyeza ngati sanakukulitse mwakuba. Munthu wokumba mgodi ankatha kugonjetsa mwini sitolo, Lolemba n'kukatenganso sopo pa sitolo yomweyo.

Kenaka kunabwera jakisoni. Ndi mmene tonse tinkatchulira injini zatsopanozo, zimene petulo amachita kupopedwa ndi timapaipi, kabokosi ka kompyuta n'kamene kamalamula kuti alowe wochuluka bwanji. A Layisoni atangomva dzinalo anafunsa kuti galimoto yabwinobwino ikabayitse jakisoni, yadwala chiyani. Ankati kabokosiko n'kotseka, sungasuzumiremo, ndipo kakavuta uyenera kuitana mnyamata wa laputopu kuchokera ku Harare, amene sabwera ulere. Ankatinso wakuba wa kabureta timamugwira ndi maso, nanga wakuba wa m'kabokosi timugwira ndi chiyani.

Sindinama chifukwa choti munthu wafa. Galimoto za jakisoni zinali zothamanga. Sizinkatsamwa pakona, sizinkamwa petulo wambiri, sizinkawaula nsidze za munthu. Zipangizo za kabureta nazo zinali zikusowa, ndipo petulo wa masiku ano wosakaniza uyu ankadya timalabala ta m'kati. Alamu anga ankalumbira kuti jakisoni ndi fashoni, satha zaka ziwiri, ndipo pamenepo analakwitsa. Mavuto atagula galimoto ya jakisoni, bambo ake anamuuza pamaso pa anzake kuti wagulitsa makutu ake n'kugula waya, ndipo mwanayo sanakhudzenso Nachisale kuyambira tsiku limenelo. Ndinawauza kuti pakamwa pawo padzawathera ana. Anandiyankha kuti mlamu, iwe ukanakhala galimoto bwenzi ukulira popanda kiyi.

Faindi yoyamba inabwera chifukwa cha mawu amodzi. Tsiku limenelo Nachisale anamaliza kumbuyo kwa galimoto ziwiri za jakisoni, zonse za anthu a m'komiti. Woulutsa mawu anawayandikira ndi maikolofoni.

"Mudhara Mbewe, mpikisano mwauona bwanji?"

"Bweretsa kuno chinthucho," anatero, n'kumulanda. "Lero ndinene za kukhosi."

Ananenadi. Anati bwalo tinalambula ndife, lero akutisesapo ngati zinyalala. Anati amene akupanga malamulo ndi omwewo ali ndi timabokosi, ndipo palibe amene angayeze zimene zili m'katimo. Anasakaniza Chichewa, Chishona ndi Chilapalapa cha kumgodi, ndipo pomaliza anadzigwira pakhosi n'kubwereza kuti, "Za kukhosi zimenezo!"

Wapampando wa komiti anali a Sibanda, mwini malole onyamula miyala ya mgodi, munthu wolankhula Chindebele amene Chichewa ankachimva theka. M'chinenero chawo amakhosi ndi mafumu. Ndiye mlandu umene anawaitanira alamu anga sunali wa timabokosi ayi. Unali woti ananyoza komiti pagulu, kuitcha amakhosi, anthu odziyesa mafumu. Lamulo lake anali atangolipanga kumene, loti woyendetsa galimoto asalankhule zonyozetsa masewera.

Ine ndinapita nawo kuti ndikamasulire. Ndinafotokoza bwinobwino kuti kwathu munthu akati za kukhosi ndiye kuti zimene zikumupweteka mumtima, wazisunga mpaka zafika apa. Ponena kuti apa ndinadutsitsa dzanja pakhosi panga. Mlembi wa komiti anadumpha pampando n'kukuwa m'Chishona kuti mayiyu akutiopseza kutipha. Zinatenga nthawi kuti akhale pansi, koma anakhala, ndipo ndinaona a Sibanda akuyamba kumvetsa kuti anamva molakwika. Mlandu unali ukutha. Pamenepo m'pamene alamu anga anakhosomola.

"Aikona, mlamu, khala pansi," anatero. "A Sibanda, ine sindinanene kuti ndinu mafumu. Koma poti mwadzimva nokha, ndikane bwanji? Kungoti mfumu yeniyeni imamva mlandu. Inu mwangomva dzina lanu basi."

Anawalipitsa pawiri, ya amakhosi imene sananene, ndi iyi imene ananenadi. Panjira ndinawatukwana mpaka kunyumba, iwo akuseka.

Kuchokera pamenepo faindi zinkabwera ngati mvula ya mu Januwale. Zinadya mbuzi zawo, zinadya njinga, zinadya makina osokera amene mkulu wanga anasiya pomwalira. Mnyamata wina wa ku Munyati anadandaula pa maikolofoni kuti msewu wakumbika pakona, anamulipitsa. Wina anati kabokosi kake kakuzimitsa injini popanda chifukwa, anamulipitsa ati akuipitsa mbiri ya jakisoni. Anthu anaphunzira. Ukamufunsa woyendetsa galimoto aliyense, ngakhale amene wangotuluka kumene m'galimoto yoyaka, ankayankha kuti ndikuthokoza a komiti, mpikisano unali bwino. Amuna akuluakulu a ndevu zawo, amene pansi pa mgodi saopa mwala, ankaopa maikolofoni. Izi zinkandinyansa kuposa faindi zomwezo.

Chaka chimene komiti inalengeza kuti kuyambira chaka chotsatira pabwalo padzalowa za jakisoni zokhazokha, a Layisoni anali ataimitsidwa kale chifukwa cha pakamwa. Panatsala mpikisano umodzi wa galimoto za kabureta, wotsanzikira. A komiti anawauza kuti ngati akufuna Nachisale athamange nawo, aime pamaso pa anthu, apepese pa maikolofoni, alonjezenso kuti sadzalankhulanso za malamulo.

Tonse tinawachonderera kuti apepese. Mkazi analibe, ntchito anali atapuma, chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali galimoto imeneyo ndi bwalo limenelo. Mavuto anabwera yekha, koyamba patapita nthawi yaitali.

"Baba, ingonenani sorry, mulowe mu race," anatero. "Mawu amodzi chete. Palibe amene adzakumbuke."

"Ine ndidzakumbuka," anayankha. Koma kenaka anati chabwino, ndipita.

Loweruka limenelo anavala jekete ya kutchalitchi pamwamba pa ovolosi. Nachisale anamuimika pafupi ndi nsanja ya woulutsa mawu, injini ikulira pansipansi. Anthu anali atadzaza mpaka pamwamba pa mulu wa dothi. A Sibanda analankhula kaye za mwambo ndi ulemu, kenaka anawapatsa maikolofoni, akumwetulira ngati munthu amene wawina mlandu wa malire.

A Layisoni anailandira maikolofoniyo. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinkawadziwa.

"Mwati ine ndisalankhule," anatero. "Chabwino. Uyu sanasainire lamulo lanu."

Anatsika pansanja chingwe chikuwatsatira, anatsegula boneti, anachotsa sefa, n'kulowetsa maikolofoni pakukhosi pa Nachisale penipeni. Ndinamva akuti, "Lankhulani, mayi," kenaka anakoka waya wa moto ndi dzanja mpaka kumapeto.

Phokoso limenelo sindidzaliiwala. Linatuluka m'zimkuzamawu zonse za pamitengo nthawi imodzi, kupuma kwa injini kosakanikirana ndi kubangula, mpaka ndinalimva m'mano. Ana analira, agalu anathawa, mlembi wa komiti anagwira makutu n'kugwada. Chimkuzamawu cha pafupi ndi nsanja chinang'ambika m'kati, ndipo mpaka lero chimalankhula ngati munthu wa chimfine. A Layisoni anasiya waya uja, anapukuta maikolofoni pa jekete, n'kuwabwezera a Sibanda ndi manja awiri.

"Ngati wanyozetsa masewera, mulipitseni," anatero.

Bwalo lonse linakuwa. Anthu anaponya zipewa m'mwamba, ena ankaimba dzina lawo. Komiti inakumana pomwepo, ndipo asanayambe mpikisano inalengeza kuti a Layisoni Mbewe asadzapondenso pabwalopo moyo wawo wonse. Apa m'pamene pali mkwiyo wanga weniweni. Ndinkayembekezera kuti anzawo a kabureta, anthu amene anakoka nawo chitsulo cha njanji chija, azimitsa injini n'kutuluka nawo limodzi. Palibe ngakhale mmodzi amene anasuntha. Anangoyang'ana kumbali, kuvala zipewa zawo zachitsulo, n'kukaima pamzere. Nachisale anatuluka pageti yekha, mbendera yoyambitsira mpikisano ikugwa kumbuyo kwake. Kuwomba m'manja n'kotchipa, ndinaona tsiku limenelo.

Zaka zotsatirazo, Loweruka la mpikisano ankakwera pamwamba pa mulu wa dothi, kunja kwa mpanda, n'kukhala pamwala ndi ambulera. Kumeneko lamulo la komiti silinkafika. Ndikawaperekeza ndinkawafunsa kuti akutsogola ndani, poti kale ankadziwa galimoto iliyonse ndi kulira kwake. Ankapukusa mutu n'kunena kuti zonsezi zikulira mofanana, ngati ana a sukulu akuyankha moni wa aphunzitsi. Koma galimoto ya Mavuto ikamadutsa ankaimirira, ngakhale ankati akungowongola miyendo.

Chifuwa chitawagwira, mawu anayamba kuchepa. Munthu amene ankamveka nyumba yachitatu anafika poti uyenera kuwerama kuti umve. Anasiya kukwera mulu uja, kenaka anasiya kupita kutchalitchi, koma Lamlungu ankapempha kuti tiwagwirize mpaka pa galimoto. Lamlungu lomaliza dzanja linalephera kukoka choko. Anabwezera sokosi ija pamalo pake, anatseka boneti pang'onopang'ono, n'kundinong'oneza kuti, "Mlamu, anthu aja apambana tsopano. Tonse awiri takhala chete."

Pamaliro awo, a Sibanda anabwera ndi nkhata ya maluwa yaikulu kuposa ya ana. Anapempha kulankhula, ndipo anati malemuwa anali munthu wosabisa mawu, anthu otere ndi osowa masiku ano. Amayi a kutchalitchi anandigwira chitenje kuti ndisaimirire. Akanandisiya ndikanafunsa kuti nanga anawasowetsa ndani.

Ndiye Loweruka la chete lija linafika. Ndinali nditalumbira kuti sindipita, koma m'mawa ndinamva phokoso panja, ndipo nditatuluka ndinapeza Mavuto akumangirira Nachisale kumbuyo kwa galimoto yake.

"Ukupita naye kuti?"

"Mainini, munanena zoona," anatero, osandiyang'ana. "Baba sangapatsidwe chete. Analetsa iwo, mota sanailetse. Akangoti tikhale chete, ine ndiiliza."

Ndinathamangira m'nyumba kukavala nsapato.

Pageti anatilola, ati ndi bwino galimoto ya malemu ioneke. Tinaiimika pamalo omwe aja, pafupi ndi nsanja. Oyendetsa galimoto anafola pamzere, zipewa m'manja, ena mwa iwo omwe aja amene anayang'ana kumbali. Mawu a a Sibanda anatuluka m'chimkuzamawu chong'ambika chija akuti tiimirire tonse. Bwalo linati zii. Mavuto anali atazula kale sokosi, ndipo anakhala pampando wa bambo ake. Anakoka choko yonse, anaponda moto kangapo mwamphamvu, n'kupotokola kiyi.

Nachisale anakhosomola kamodzi. Anakhosomolanso. Fungo la petulo linandifika pamene ndinaima, ndipo ndinadziwa kuti watsamwa. Mavuto anapotokolanso kiyi, injini inazungulira molemera, kenaka batire linafooka mpaka kungoti kete. Anthu amene anali pafupi anamva, koma anaweramitsa mitu ngati sanamve. Mwanayo anagwetsa chipumi pa chiwongolero. Sankadziwa kudikira kuja, poti pa nthawi imene akanaphunzira, iye ndi bambo ake sankalankhulana.

Mphindi yawo anaipeza yathunthu. Itatha a Sibanda anathokoza anthu chifukwa cha mwambo wabwino, galimoto za jakisoni zinalira zonse pamodzi, ndipo ife tinabwezera sokosi ija kukhosi n'kumangiriranso chingwe.

Nachisale ali pomwe ankakhala, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Matayala ayamba kuphwa, ndipo nkhuku imodzi ikuikira pamene panali mpando wakumbuyo. Paipi ya labala ija ili pamsomali wake. Mavuto amabwera masabata ena, amatsegula boneti, amaima n'kumayang'ana, koma sakhudza kanthu. Lamlungu anthu akamachokera kutchalitchi, mumsewu mwathu mumamveka nsapato zokha. Dzulo ndinasuzumira mu injinimo. Sokosi ija idakali kukhosi, ndipo mavu ayamba kumanga pamwamba pake.